Mawu a pasitima: kuchokera pa Ilala mpaka ku doko la Beira

Amene anakwerapo Ilala pa Nkhotakota amadziwa kuti sitimayi sifika pagombe. Imaima patali pomwe madzi ndi akuya, n'kuponya nangula, kenako amatsitsa maboti ang'onoang'ono odzatenga anthu pamodzi ndi matumba a ufa, madengu a nsomba zouma, njinga, nkhuku ngakhalenso malata. Mukafunsa wantchito wa m'sitimayo kuti bwanji osangoyandikira, yankho lake limathera pa liwu limodzi lachingerezi: draft.

Anthu a pamadzi ali ndi chiyankhulo chawochawo, ndipo wobwera amatha kuganiza kuti akungodzionetsera. Ine ndimaona mosiyana. Mukalitsata bwino liwu lililonse, mupeza kuti kumbuyo kwake kuli anthu amene anamira kapena chuma chimene chinatayika, mpaka ena anagwirizana kuti chinthu chakutichi tizichitchula mwakuti kuti tisamasokonezane. Ndipo ife a dziko lopanda nyanja yamchere mawuwa amatikhudza kawiri: pa nyanja yathu ya Malawi, komanso pa mtengo wa feteleza, mafuta ndi galimoto zimene zimadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam.

Tiyambe ndi draft yemweyo. Ndi kutalika kwa gawo la sitima limene lamira, kuyeza kuchokera pamwamba pa madzi mpaka pansi penipeni pa sitimayo, pa msana wake umene amautcha keel. Sitima ikasenza kwambiri, draft amakula, ndipo imafuna madzi akuya kuti isakhule pansi. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa sitima kumalembedwa manambala otsika m'madzi ngati rula, kuti woyang'anira awerenge ndi maso kuti yamira motani. Gawo lotsala pamwamba, kuchokera pa madzi kufika pa deki, pamwamba pa sitima pomwe anthu amaponda, ndiye freeboard. Apa ndi pamene pagona moyo wa okwera. Freeboard akachepa, funde limene likanangomenya m'mbali n'kubwerera limakwera pa deki n'kuyamba kufunafuna polowera.

N'chifukwa chake m'mbali mwa sitima zapanyanja zazikulu mumakhala chizindikiro cha kabwalo kodulidwa pakati ndi mzere, ndipo pambali pake pali timizere tina tokhala ndi zilembo. Ambiri amachitcha Plimsoll line, potengera dzina la Samuel Plimsoll, phungu wa nyumba ya malamulo ya ku Britain amene anamenyera nkhondo amalinyero. Masiku amenewo eni sitima ena ankadzaza katundu mopyola muyeso m'sitima zakutha, podziwa kuti ikamira inshuwalansi iwalipira, pomwe akazi a amalinyero atsala amasiye. Lamulo la mu 1876 ndilo linakakamiza kuti mzerewu uzilembedwa. Madzi akaukwirira ndiye kuti sitimayo yalemedwa, ndipo siyenera kunyamuka.

Timizere tapambalito tili ndi phunziro limene limatikhudza ife mwachindunji. Chilembo F chimaimira madzi opanda mchere, T nyanja za kumadera otentha, S nyengo yachilimwe, W nyengo yozizira, ndipo WNA ndi nyanja ya Atlantic chakumpoto m'nyengo yozizira, komwe mafunde ndi oopsa kotero kuti sitima iyenera kunyamula zochepa. Madzi amchere ndi olemera kuposa madzi akumwa, choncho amanyamula sitima m'mwamba pang'ono. Sitima yomweyo, ndi katundu yemweyo, ikachoka m'nyanja yamchere n'kulowa m'madzi onga a nyanja yathu imamira pang'ono kuposa poyamba.

Kulemera kokha si nkhani yonse. Pomwe katunduyo waikidwa ndi pofunikanso. Wopalasa bwato aliyense amadziwa kuti anthu akaimirira bwato limayamba kugwedera, akakhala pansi limakhazikika. Sitima nayo n'chimodzimodzi, ndipo ikakhala yopanda katundu wokwanira amaipopera madzi m'matanki apansi kuti ilemere kumunsi. Madzi amenewa ndiwo ballast. Nyanja yathu inaphunzitsa kale kuti si dziwe losewera nalo. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya, yomwe inali idakali yatsopano, inagubuduzika pa mphepo yamkuntho pafupi ndi Chilumba ndipo anthu 145 anafa. Mpaka lero ngoziyi imakumbukidwa ngati yaikulu kwambiri m'mbiri ya maulendo a panyanjayi.

Ilala imene tikuidziwayi inabwera patangopita zaka zochepa ngoziyo itachitika. Inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, pafupi ndi Glasgow, n'kubwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Dzinali inatengera kwa Ilala yoyamba, kasitima ka amishoni a Livingstonia kamene kanafika panyanjayi mu 1875, ndipo Ilala ndi dera la ku Zambia komwe David Livingstone anamwalirira. Zilembo MV zimene zimatsogolera dzina lake zimangotanthauza sitima yoyendera injini ya mafuta. SS ndi sitima yoyendera nthunzi, monga momwe inalili Chauncy Maples itangoyamba kuyenda mu 1901, ikusonkhezeredwa ndi nkhuni, asanaiike injini ya dizilo.

Tisaganize kuti mawu onse a pamadzi ndi obwereka. Makolo athu anali panyanja azungu asanafike, ndipo Chichewa chili ndi mawu ake: bwato losema, nkhafi yopalasira, thanga lokoka mphepo, mlongoti wopachikapo thangalo, tsigiro lowongolera, nangula, kukocheza. Ena tinatenga kwa Apwitikizi n'kuwasula mpaka anasanduka athu. Amalinyero ndi marinheiro wa Chipwitikizi, ndipo kapitawo amene lero timamudziwa ngati woyang'anira antchito kumunda wa tiyi kapena pa ntchito ya msewu anachokera ku capitão, liwu lomwe limatchulanso mkulu wa sitima. Ngalawa ndi chombo ndi mawu amene timagawana ndi Aswahili, omwe madau awo, ngalawa zoyendera matanga, ankawoloka nyanjayi kuchokera ku Nkhotakota m'masiku a Jumbe. Asodzi a usipa nawo ali ndi siginala, munthu amene amakhala m'bwato la nyali usiku, kuitana nsomba ndi kuwala kwake ndi kuuza okoka chilimira nthawi yoponya khoka. Liwulo ndi lachingerezi, koma ntchitoyo ndi ya kuno kwathu.

Chuma chathu chachikulu pa mawu chili pa mphepo. Msodzi sanena kuti kwachita mphepo basi. Amaitchula dzina. Mwera umachokera kummwera m'miyezi yozizira, ndipo poti nyanja yathu ndi yaitali kuchokera kummwera kupita kumpoto, mphepoyi imapeza mtunda wautali wokankhira madzi mpaka mafunde amakula ngati a kunyanja yamchere. Mpoto umachokera kumpoto cha m'nyengo ya mvula. Vuma amachokera kuvuma, kum'mawa, ndipo zambwe kuzambwe. A zanyengo akamachenjeza pa wailesi kuti kukhala mwera panyanja, msodzi wa ku Senga Bay safuna womumasulira. Azungu anachita kupanga sikelo ya manambala, ya Francis Beaufort ya mu 1805, imene lero imayambira pa 0, nyanja ili bata, kufika pa 12, namondwe weniweni. Sikeloyo imanena mphamvu ya mphepo. Maina athu amanena kochokera, nyengo yake ndi khalidwe lake pakamodzi. Ndikanakonda ana ophunzira za sitima ku Monkey Bay azidziwa zonse ziwiri mofanana.

Tibwerere m'sitima. Kutsogolo kwake ndi bow, kumbuyo ndi stern, thupi lake lonse ndi hull, khitchini ndi galley, ndipo chipinda choyendetsera chili pamwamba ndi bridge. Awa ndi mawu ongoloweza. Amene amafuna kufotokoza ndi port ndi starboard, chifukwa wina angafunse kuti bwanji osangoti kumanzere ndi kumanja. Vuto ndi lakuti kumanzere kwa munthu kumasintha akatembenuka. Wantchito amene wayang'ana kumbuyo akukoka chingwe, kumanja kwake ndi kumanzere kwa kaputeni. Usiku, mafunde akuwomba, palibe nthawi yofunsana kuti mukunena kumanja kwa ndani. Choncho mbali za sitima zili ndi maina osasintha: ukayang'ana kutsogolo, starboard ndi kudzanja lamanja, port kudzanja lamanzere, ndipo zimakhala choncho ngakhale utatembenuka kangati.

Mainawa ndi akale. Ngalawa za kumpoto kwa Ulaya zisanakhale ndi tsigiro kumbuyo, ankaziwongolera ndi nkhafi yaikulu yomangidwa kudzanja lamanja, ndipo mbaliyo inatchedwa mbali yowongolera, komwe kunachokera starboard. Pokocheza ankagunditsa mbali inayo kudoko kuti nkhafiyo isathyoke. Mbali imeneyo poyamba inkatchedwa larboard, koma pa phokoso la mphepo larboard ndi starboard ankamveka ofanana, ndipo mu 1844 asilikali apamadzi a ku Britain analamula kuti izitchedwa port.

Usiku mbalizi zimayankhula ndi nyali: yofiira ku port, yobiriwira ku starboard, zoyera pa mlongoti ndi kumbuyo. Msodzi amene ali m'bwato pakati pa nyanja akaona nyali yofiira ndi yobiriwira pamodzi, adziwe kuti sitimayo yalunjika pa iye. Akaona yofiira yokha kapena yobiriwira yokha, ikudutsa chopingasa. Akaona yoyera yokha yakumbuyo, ikupita kutali. Pali chinanso chimene chimadabwitsa ife ozolowera kuyenda kumanzere pamsewu. Pamadzi, sitima ziwiri za injini zikakumana maso ndi maso, iliyonse imakhotera kumanja, n'kudutsana port ndi port. Zikamapingasana, imene ikuona inzake kudzanja lake lamanja ndiyo imapatuka, ndipo usiku imakhala ikuona nyali yofiira ya inzakeyo, ngati loboti youza kuti dikira. Malamulowa ali m'pangano la mayiko la mu 1972 loteteza kuti sitima zisawombane, limene amalinyero amangolitcha COLREG.

Liwiro la sitima saliyeza m'makilomita. Amaliyeza mu knot, ndipo knot ndi mfundo yomweyi ya pachingwe. Kale amalinyero ankamangirira kathabwa ku chingwe chokhala ndi mfundo zotalikirana mamita pafupifupi 14, n'kukaponya kumbuyo kwa sitima. Kathabwako kankatsalira pamadzi, chingwe n'kumasomphoka m'manja mwa woyeza, pomwe mnzake akuyang'ana kabotolo ka mchenga kothera pa masekondi 28. Mchenga ukatha, ankawerenga mfundo zimene zadutsa. Zikadutsa zisanu ndi ziwiri, sitima ikuyenda ma knot 7. Kathabwa kaja kankatchedwa log, ndipo buku limene ankalembamo zotsatira linatchedwa logbook, dzina limene lafika mpaka kwa madalaivala a galimoto za boma.

Knot imodzi ndi mailosi imodzi ya panyanja pa ola, ndipo mailosi imeneyi ndi mamita 1,852, yotalikirapo kuposa ya pamtunda yomwe ndi mamita 1,609. Sitima yoyenda ma knot 10 ikuyenda makilomita 18 ndi theka pa ola. Nambala ya 1,852 sanangoitola. Pa mapu dziko linagawidwa m'madigiri kuchokera pa equator, mzere wodula dziko pakati, kupita kumpoto kapena kummwera, digiri iliyonse ili ndi magawo 60, ndipo gawo limodzi ndilo mailosi imodzi ya panyanja. Nyanja ya Malawi imayala pa madigiri pafupifupi asanu kuchokera ku Mangochi mpaka kumpoto kwake, ndiye kuti mamailosi a panyanja ngati 300, omwe ndi makilomita oposa 550. Woyendetsa sitima amatha kuyeza mtunda pogwiritsa ntchito manambala a m'mphepete mwa mapu ake, popanda kuwerengetsa zina.

Kuya kwa madzi kunkayezedwa mu fathom, ndipo pano Chichewa sichisowa mawu: ndi mkwamba, utali wa manja onse awiri otambasula, womwe agogo athu ankayezera nsalu. Azungu anauika pa mamita 1.83. Woyeza ankaponya chingwe chokhala ndi mtovu kunsonga, n'kumachikoka mkwamba ndi mkwamba. Opita kutchalitchi amakumbukira ulendo wa Paulo wopita ku Roma, pomwe amalinyero anayeza n'kupeza mikwamba 20, kenako 15, n'kuponya anangula anayi poopa kugunda miyala. Pamalo pozama kwambiri pa nyanja yathu, chakumpoto, pali mamita pafupifupi 700, kutanthauza mikwamba yoposa 380. Palibe nangula amene angagwire pansi pamenepo.

Zinthu zikavuta, pali mawu atatu a pa wailesi ya sitima, ndipo sasinthanitsidwa. Mayday, wonenedwa katatu, amatanthauza kuti moyo uli pachiswe, sitima ikumira kapena ikupsa. Liwuli linachokera ku Chifalansa, m'aider, kupempha thandizo. Pan-pan ndi vuto lofuna changu koma losafika pa imfa, monga injini kuzima nyanja ili bata. Sécurité ndi chenjezo chabe, monga la mphepo imene ikubwera. Onsewa amayambira pa tchanelo 16 ya wailesi ya VHF, imene sitima iliyonse imayenera kumvetsera. Malamulo a maboti opulumukira, majekete oyandamitsa ndi wailesi ali m'pangano la SOLAS, limene linalembedwa koyamba mu 1914 kutsatira kumira kwa Titanic mu 1912. Liwu lina limene ndimafuna tonse titalilemekeza ndi manifest, mndandanda wa anthu ndi katundu amene ali m'sitima. Boti likanyamuka popanda kulemba maina, tsiku la ngozi palibe amadziwa kuti tikufunafuna anthu angati, ndipo mabanja amatsala akungoyang'ana madzi.

Tsopano titsikire kunyanja yamchere, komwe mawu amasanduka ndalama.

Draft uja timamupezanso kuno. Doko la Beira lili pa matsiriro a mtsinje wa Pungwe, pomwe mchenga ndi matope zimadzaza njira ya sitima, kotero amayenera kumaikumba kawirikawiri ndipo sitima zazikulu zimadikira madzi akwere kuti zilowe. Nacala ndi doko lakuya mwachilengedwe. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene njanji yopita ku Nacala yodzera pa Nayuchi imatchulidwira kwambiri tikamakamba zochepetsa mtengo wa katundu. Pofika padoko, kaputeni ngakhale akhale wodziwa chotani amalandira pilot, katswiri wa pamalopo amene amakwera pa makwerero a zingwe kudzalondolera sitima, ndipo timaboti tamphamvu totchedwa tug timaikankha mpaka igunde pa malo ake oimapo.

Katundu wambiri masiku ano amayenda m'makontena. Ntchitoyi inayamba mu 1956 pamene Malcom McLean, mwini malole wa ku America, anakweza mabokosi 58 pa sitima ya Ideal X kuchokera ku Newark kupita ku Houston. Muyeso wake ndi TEU, kontena imodzi ya mafiti 20, yomwe ndi mamita 6 ndi pang'ono. Ya mafiti 40 imawerengedwa ngati ma TEU awiri, ndipo sitima zazikulu kwambiri lero zimanyamula oposa 20,000. Galimoto zakale zochokera ku Japan nthawi zambiri zimabwera pa sitima za RoRo, zomwe galimoto imalowamo ndi kutulukamo ikuyenda yokha ngati m'garaja.

Amene anaitanitsapo galimoto pa intaneti anaonapo mitengo iwiri, FOB ndi CIF, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. FOB ndi mtengo wa katundu atakwezedwa m'sitima kudoko lochokera. Ulendo wa panyanja ndi inshuwalansi ndi zanu. CIF ndi mtengo wophatikiza katundu, inshuwalansi ndi ulendo mpaka doko lotchulidwalo. Mawuwa ali m'gulu la Incoterms, limene bungwe la International Chamber of Commerce linayamba kusindikiza mu 1936. Chofunika kumvetsa n'chakuti CIF Dar es Salaam imathera pa Dar es Salaam pomwepo. Zolipira padoko, za ejenti wotulutsa katundu, mafuta ndi dalaivala mpaka pa Songwe, ndi msonkho wa MRA, zonsezo zikukudikirani. Chinanso chobisika: ngakhale pa CIF, katundu akangokwera m'sitima kochokera, chiopsezo chimasamukira kwa wogula. Akawonongeka panjira, wothamanga ndi a inshuwalansi ndinu.

Pepala lalikulu pa zonsezi ndi bill of lading. Limagwira ntchito zitatu: ndi lisiti yoti sitima yalandira katundu, ndi umboni wa mgwirizano wonyamula, komanso ndi chikalata cha umwini. Dzina likalakwika pamenepo, kapena pepala lenileni likachedwa kufika, katundu satuluka. Ndipo akamakhala padoko, wotchi ikuyenda. Kampani ya sitima imapereka masiku ochepa aulere, akatha mumayamba kulipira demurrage tsiku ndi tsiku, m'madola, chifukwa kontena yawo yakhalitsa padoko, kuwonjezera pa ndalama yosungira imene doko lenilenilo limalipiritsa. Mukaitulutsa n'kuchedwa kubweza yopanda kanthu, mumalipira detention. Wamalonda wa ku Beira akhoza kutsitsa katundu m'mawa n'kubweza kontena madzulo. Wa ku Lilongwe ayenera kudikira lole ikwere mpaka pa Dedza kapena pa Mwanza, ifole pa chipata, itsitse, ibwererenso. Masiku onsewo amalowa mu mtengo wa thumba la feteleza limene mlimi wa ku Mchinji amagula, ngakhale iyeyo sanaonepo nyanja yamchere.

Liwu lomaliza limaimira lamulo lakale kwambiri, lochokera ku malamulo a amalonda a pachisumbu cha Rhodes ku Greece, ndipo limadzidzimutsa aliyense wolimva koyamba: general average. Sitima ikakhala pangozi ndipo kaputeni wataya katundu wina m'nyanja, kapena walipira ndalama zambiri kuti sitima ipulumuke, zotayikazo sizigwera mwini katundu wotayidwayo yekha. Onse amene katundu wawo wapulumuka amasonkha, aliyense molingana ndi mtengo wa katundu wake, pamodzi ndi mwini sitima. Ndi nzeru yofanana ndi chopereka cha pamaliro m'mudzi: tsoka lagwera mmodzi pofuna kupulumutsa tonse, ndiye tonse tisenze. Sitima ya Ever Given itapingasa mu ngalande ya Suez ku Egypt mu March 2021 n'kutseka njira kwa masiku asanu ndi limodzi, eni ake analengeza general average. Amene anali ndi inshuwalansi, kampani zawo zinapereka chikole m'malo mwawo. Amene anapewa inshuwalansi pofuna kupulumutsa ndalama anayenera kupereka chikolecho kuchokera m'thumba mwawo asanalandire makontena awo, ngakhale katundu wa m'katimo sanakhudzidwe ndi dontho la madzi.